Asilikali athu ku DRC: mayankho atatu a ophunzira a ku Mangochi

Dziko la Malawi silinalengeze nkhondo ndi dziko lililonse, komatu laika m'manda asilikali ophedwa pankhondo. Mu Novembala 2018, asilikali 6 anaphedwa pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo (DRC), polimbana ndi zigawenga za ADF. Mu Januwale 2025, ena atatu anafa pomwe gulu la M23 linkalanda mzinda wa Goma. Ku Monkey Bay, komwe kuli likulu la asilikali a m'madzi, ana a asilikali amakhala m'kalasi limodzi ndi ana a asodzi, choncho funso loti kodi tinkafunanji ku DRC limakhudza mabanja enieni. Mayankho a ophunzira agawikana patatu.

Ena amati ndi udindo wa mnansi, pakuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Mbiri ikuwavomereza. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inatha mu 1992, inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo Mangochi, pokhala m'malire ndi chigawo cha Niassa, analandira nawo othawa kwawowo. Amakumbutsanso kuti mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, pansi pa United Nations (UN), anathandiza kugonjetsa M23.

Gulu lachiwiri limati gwero ndi ndalama. Limaloza miyala ya coltan ya ku Rubaya, malo omwe M23 inalanda mu 2024, komanso ndalama zomwe UN imabwezera boma pa msilikali aliyense wosungitsa mtendere. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ili ndi mpata. Ntchito ya SAMIDRC, yomwe inayamba mu Disembala 2023, inali ya bungwe la SADC, ndipo mtolo wa ndalama unagwera kwambiri mayiko a m'bungwelo.

Achitatu amati nkhondoyi si yathu. Mizu yake ili m'chipolowe cha ku Rwanda cha mu 1994. Akatswiri a UN akhala akunena kuti Rwanda imathandiza M23, pomwe Rwanda imati ikudziteteza ku zigawenga za FDLR. Kwa ophunzirawa, mkangano wotere umatha pokambirana basi. Amaona kuti zochitika zinawaikira umboni: mu Febuluwale 2025, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikali a m'gulu la SADC akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi SADC inathetsa ntchitoyo.

Gulu lililonse lagwira mbali yake ya choonadi, koma awiri oyambawo akuyankha mafunso osiyana. Wonena za coltan akufotokoza chomwe chikukolezera nkhondo ku DRC, pomwe wonena za mnansi akufotokoza chomwe chinapititsa Malawi kumeneko. Wachitatu akufunsa ngati mfuti zikanathetsadi vutolo, ndipo kugwa kwa Goma kwalemeretsa funso lake.

Apa ndipo pali ntchito ya boma ndi Nyumba ya Malamulo. Asanatumize asilikali kunja, atsogoleri ayenera kuuza Amalawi cholinga cha ulendowo, yemwe alipire, zida zomwe asilikali apatsidwe ndi nthawi yobwerera. Ena mwa ophunzira omwe akutsutsana lero ku Malindi, Namwera ndi Monkey Bay adzalowa usilikali akamaliza Fomu 4, ndipo ndi iwo omwe adzatumizidwe ulendo wotsatira.