Musamuzondotse bakha

Pali chithunzi chimene sichitha m'mafoni mwathu. Chimazimirira miyezi ingapo, kenako wina amachiponyanso: njinga yakapalasa, abakha omangidwa miyendo ndi mphira akulendewera pahandulo mitu ili pansi, kukamwa kuli yasa! ndi dzuwa. Chikangofika, anthu amagawikana pawiri. A m'tauni, makamaka oweta agalu ndi amphaka a m'nyumba, amati anthu akumudzi alibe chisoni, ngofunika kuwamanga. Enawo amayankha mokalipa: "Zachizungu zimenezo! Anthu akugona ndi njala, inu mukulirira bakha?" Mkangano umatentha mpaka kunyozana mitundu, ndipo dzuwa likamalowa palibe amene wanena kanthu kothandiza bakhayo kapena mwini wake.

Mbali zonse ziwiri zimandiwawitsa mtima, chifukwa ndimakudziwa kumene abakha otere amachokera.

Tsikirani ku Marka, kumene msewu wa M1 umathera utadutsa dziko lonse kuchokera ku Songwe. Mukapyola chipata mwalowa ku Vila Nova da Fronteira, m'dziko la Mozambique. Dera limeneli ndilo lotsikitsitsa m'Malawi muno: pamene Shire amatulukira m'dziko lathu, nthaka ili mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Kum'mawa kuli dambo la Ndindi ndi midzi ya kwa Nyachikadza, kumene munthu sayenda popanda bwato. Kumtunda kuno ndi kwa Ndamera. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo amathira madzi ake mu Shire pa Chiromo, ndipo onsewo amadzera kuno.

Munthu amene anali kumeneku mu Januwale 2015, nthawi ya Idai mu Malichi 2019, ya Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023 safuna mlangizi womuuza chifukwa chowetera abakha. Madzi akalowa m'mudzi usiku, nkhuku imanyowa, kuzizidwa n'kufa. Mbuzi ikakhala pachingwe imamira pomwepo. Bakha amayandama, ndipo wathu uyu wa nkhope yofiira ali ndi zikhadabo ndi mapiko oti n'kukwera padenga kapena mumtengo. Si onse amapulumuka, ena amapita ndi mkokomo wa madzi, ena ng'ona ndi ng'azi zimawatola. Komabe banja likamabwerera kuchokera kumsasa, kawirikawiri chiweto chimene amakachipeza chikuyendayenda pabwinja ndi bakha.

Ndiye pali chitopa. Chikalowa m'mudzi chimasesa makola a nkhuku sabata imodzi, pokhapokha eni ake atadontheza m'maso katemera uja wa I-2, amene amafunika kubwereza miyezi inayi iliyonse. Abakha nthawi zambiri amatsala ali njo, ngakhale amatha kunyamula kachilomboko osadwala n'kupatsira nkhuku. Thadzi la bakha limakhalira mazira masiku 35, pamene nkhuku ndi 21, ndipo limalera ana ake mwaukali. Chakudya amadzifunira okha mbali yaikulu: nkhono, chiswe, udzu wanthete, mbewu zotayika pamtondo, kuwonjezera pa kagaga kamene mwini wake amawaponyera madzulo. Abakha ambiri ndi a amayi. Mwana akadwala usiku, bakha mmodzi ndiye ndalama ya kabaza wopita kuchipatala. Sukulu ikatsegulira, awiri ndiwo yunifolomu ndi makope. Wonena kuti anthu akumudzi sasamala ziweto sanaonepo mayi akudzambatuka pakati pausiku, tochi kumanja, chifukwa wamva phokoso kukhola.

Bakha ameneyu kwawo ndi ku America wapakati ndi wakumwera, kumene eni dziko ankamuweta kale azungu asanafikeko. Zombo za amalonda a ku Ulaya n'zimene zinamufikitsa ku Africa, monganso chinangwa ndi chimanga. M'chigwa chino wakhazikika mpaka tinaiwala kuti ndi mlendo.

Ndifuna a m'tauni amve ichi. Kumaiko kumene nzeru za ufulu wa nyama zinalembedwa, bakha wogulitsa sakhala bwino kuposa wathu. Ku Britain, lipoti la Brambell la 1965 ndilo linayala maziko a mfundo zisanu zimene zinakhazikitsidwa mu 1979, zonena kuti chiweto chisavutike ndi njala ndi ludzu, chisasowe pokhala pabwino, chisazunzike ndi ululu kapena matenda, chisakhale mwamantha, ndiponso chizitha kuchita zimene mtundu wake umachita. Mfundozi n'zabwino ndipo ndimagwirizana nazo. Koma komweko abakha ambiri a m'mafamu akuluakulu amakulira m'mashedi, amaphedwa ali ndi masabata pafupifupi asanu ndi awiri, asanasambirepo chibadwire. Ku France amatenga bakha wobadwa pokweretsa mtundu wathu womwewu ndi wa Pekin, n'kumamuthira chimanga kukhosi ndi paipi pafupifupi masabata awiri kuti chiwindi chitupe, chigulitsidwe ngati chakudya cha anthu olemera. India inaletsa kuitanitsa chiwindi chotere mu 2014. Bakha wa ku Marka amadzuka m'mawa n'kupita kuthamanda ndi anzake, amasamba, amaothera dzuwa, amakhalira mazira ake. Pa mfundo yomaliza ija, ife tili patsogolo.

Tsopano kwa inu abale anga a kuchigwa, amene mumati kudandaulira bakha ndi zachizungu. Pepani, pamenepa sindili nanu. Njala yathu siichepa chifukwa bakha wazunzika, imakula. Ndipo pali masiku ena pa moyo wa mbalameyi amene timaichimwira poyera.

Loyamba ndi tsiku la msika. Mbalame ilibe mnofu uja umene mwa munthu ndi mbuzi umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Ukaizondotsa, zam'mimba zonse zimatsamira kumene imapumira. Ilibenso thukuta, imadziziziritsa ndi kuwefuka, ndiye kukamwa kwayasa kuja si kutopa chabe, ndi mbalame imene ikulimbana ndi kutentha mpweya ukuiperewera. Miyendo ya bakha ndi yaifupi, yopangidwira kupalasa madzi, ndipo mphongo imalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri thadzi. Thupi lonselo likalendewera pamfundo imodzi ya mphira, njinga ikudumpha m'maenje, mafupa amaguluka. Kuchokera ku Marka kukafika pa boma la Nsanje ndi makilomita oyandikira 30. Ganizirani mtunda umenewo mutu uli pansi, pafupi ndi phula lotentha, masipoko akukwapula mapiko.

Wogulitsa aliyense amadziwa mathero ake. Mmodzi amafika atafa, ndipo wakufa yekha sagulika. Msilamu sangamukhudze n'komwe, ena amangopereka theka la mtengo. Otsalawo amafika ali lefu, wogula n'kumati, "Achimwene, ameneyu akudwala, tsitsani." Ukamusosola, ntchafu zili bii ndi magazi oundana. Mayi uja anadyetsa miyezi isanu ndi umodzi, phindu lake n'kutayika m'maola atatu.

Chonsecho bango ladzaza ku Ndindi, ndipo oluka mphasa ndi mono ali m'mudzi uliwonse. Chitete cha mipata yopita mpweya, chomangirira pakaliyala, udzu wouma pansi, nthambi za masamba pamwamba, chimanyamula abakha anayi kapena asanu atakhala pansi mitu ili m'mwamba. Kunyamuka tambala woyamba, dzuwa lisanakwiye. Kuwamwetsa asananyamuke ndi pofika. Pomugwira, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina pamapiko, osati kumukoka miyendo. Mwa zonsezi palibe chochokera ku London. Agogo athu ankanyamula nkhuku ya mlendo m'dengu, ndipo mphira wa machubu wabwera dzulodzuloli.

Kwina kumene timalakwa n'kwa madzi, ndipo kumeneku ndikhalitsako pang'ono chifukwa ambiri sakuona. Timaganiza kuti popeza tili m'chigwa cha Shire, bakha sangasowe madzi. Koma midzi ya kumtunda, kufupi ndi mapiri a kumalire, mathamanda amaphwa mu Seputembala, ndipo mabanja amene anasamukira kumtunda pothawa madzi osefukira anapita ndi abakha awo kumalo ouma. Bakha samangomwa. Amafuna madzi oti amizemo mutu wonse, atsuke maso ndi mphuno, ndiponso amameza chakudya ndi madzi. Mukampatsa gaga wouma popanda madzi pambali amatsamwa. Akasowa pomiza mutu, maso amachita manthongo, nthenga zimauma n'kuyamba kulowa madzi. N'chifukwa chake masana a Okutobala mumawapeza atadzazana pamatope a pamjigo, amayi otunga madzi akuwathamangitsa ndi miyala, ndipo amayiwo sakulakwa, chifukwa zitosi sizifunika pamene anthu amatunga madzi akumwa. Wolakwa ndi mwini abakha amene sanadule chigubu chakale n'kuchiika pamthunzi. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo akwanira, bola asakhale a sopo. Ngati muli tiana, ikanimo miyala kuti tikalowa titulukenso; tiana ta bakha timamira m'ndowa ya m'mbali moterera, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri.

Madzi osefukira akaphwa kumabwera imfa ziwiri zimene zadanitsa anthu pachabe. Chimanga chimene chinanyowa chimachita chuku, mwini wake n'kuti, "Ichi anthu sangadye, patsani abakha." Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo mwa mbalame zonse zoweta tiana ta bakha ndito timafa naye msanga. Ina imachokera m'zithaphwi zotentha mmene mwaolera nsomba kapena nyama yakufa. Bakha akadya mphutsi za mmenemo, miyendo imafooka, kenako mapiko, kenako khosi limagwa osadzukanso. Mwini wake akaona asanu agona tsiku limodzi amathamangira kwa nyakwawa: "Andithirira tameki!" Nthawi zina zimakhaladi zoona, anthu oipa mtima alipo. Koma nthawi zina mnansi amasenza mlandu wa chithaphwi, ndipo chidani chimatsalira ana. Kukwirira nyama zakufa madzi akangophwa, ndi kuitana mlangizi wa ziweto musanaloze munthu chala, kungapulumutse abakha ndi chibale chomwe.

Atsekwe oweta ndi ochepa kuno, koma mlandu wawo umamveka kutali. Tsekwe amadya msipu, choncho dimba la mnansi la mpiru kapena mbatata kwa iye ndi chakudya basi. Amalondera pakhomo, amalira mlendo akafika, ndipo nthawi ya mazira amathamangitsa ana. Mwini dimba akapsa mtima amatenga mpini, tsekwe n'kubwerera kwawo akukoka phiko lothyoka. Mbalame imeneyi imatha kukhala zaka zoposa khumi, ndipo imazolowerana ndi inzake moti imodzi ikachoka yotsalayo imayendayenda ikuitana. Woweta atsekwe amange mpanda nthawi ya madimba. Wolowereredwa agwire tsekweyo apite naye kubwalo akalipitse. Kuthyola phiko sikubweza mpiru. Ndipo amene amaopa kuti mbalame zawo ziuluka n'kukasakanikirana ndi atsekwe am'dambo adule nthenga zazitali za phiko limodzi, osati fupa. Nkhawa yawoyo ili ndi mutu, chifukwa mbalame za m'madambo ngati Ndindi ndi Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, n'zimene zimayenda ndi chimfine cha mbalame, matenda amene anaphetsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa mu 2023.

Lamulo loteteza nyama kunkhanza lilipo m'dziko muno, Protection of Animals Act, ndipo mabungwe ngati LSPCA ku Lilongwe, imene inayamba mu 2008, ndi Mission Rabies, imene yakhala ikubaya agalu katemera wa chiwewe ku Blantyre kuyambira 2015, agwira ntchito yooneka. Koma sindikhulupirira kuti kumanga mnyamata wa njinga pa Marka kungasinthe kanthu. Adzalipira chindapusa ndi ndalama ya abakha omwewo, mawa n'kudzera njira yachidule kuti asakumane ndi apolisi. Amene angasinthe zinthu ndi komiti ya msika, nyakwawa, mlangizi, ndi wogula amene angawonjezere kangachepe pa bakha wofika m'chitete ali ndi mphamvu.

Ndipo inu a m'tauni amene mumafulumira kulemba kuti "amangidwe", yambani mwasuzumira kuseri kwa nyumba za m'dera lanu. Ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Area 25, muli agalu otsekeredwa tsiku lonse m'kabokosi kamalata, osaona dzuwa, osatha n'kutembenuka komwe, ati kuti azilusa usiku. Galu ameneyo amazunzika chaka chathunthu, ndipo palibe womujambula chifukwa mpanda ndi wautali. Mnyamata wa abakha amajambulidwa chifukwa umphawi wake uli pamsewu. Mukadzatsikanso kuchigwa n'kukumana naye, imitsani galimoto, mupatseni moni, mufunseni mtengo, mumuuze chifukwa chake mukufuna bakha wonyamulidwa m'chitete ndiponso kuti mudzabweranso liti kudzagula.