Ayambe Wapulumuka, Kusiya Kudzatsatira



1. Alipo atsogoleri amene amati munthu wokodwa m'mankhwala ozunguza bongo malo ake ndi kundende basi. Ife maganizo amenewa tikuwakana. Ndende sichiza chibaba.

2. M'chaka cha 2021, anthu oposa 100,000 adafa ku United States atagwiritsa ntchito mankhwalawa mopyola muyeso, ambiri mwa iwo ndi fentanyl. Heroin ndi fentanyl zimapha poletsa munthu kupuma, koma mankhwala a naloxone akaperekedwa msanga, munthu amayambanso kupuma m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake mu 2014 bungwe la WHO lidalangiza kuti achibale ndi abwenzi a munthu wotere azisunga naloxone pafupi.

3. Ena amati kutero n'kulekerera khalidwe loipa. Tikuwafunsa: kodi mtembo ungasiye chizolowezi? Mu 2001 dziko la Portugal lidaleka kutsekera m'ndende anthu opezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa okha, n'kuyamba kuwalondolera ku chithandizo. HIV pakati pa odzibaya jakisoni idatsika kwambiri.

4. Boma lithane ndi ogulitsa, koma wodwala limuchize. Ofuna mavoti anu akafika, afunseni: mwana wathu akakomoka, mudzamutumizira unyolo kapena naloxone?