Batani la ndalama na munthu amene sitim'dziwa

Sabata yatha pa pulogilamu yathu ya acinyamata tinaponya funso limene tinaliona monga nthabwala cabe. Munthu wakubweletselani kabokosi kali na batani pamwamba. Mukadinika batanilo, mulandila madola 1 miliyoni. Koma nthawi imeneyo, kwinakwake, munthu amene simum'dziwa adzafa. Kapokola sadzabwela, palibe amene adzadziwa. Mudinika kapena iyai?

Funsoli si lathu. Tinalitenga mu filimu ya ku America ya mu 2009 yochedwa The Box, mmene muli Cameron Diaz, ndipo filimuyo inacokela pa kankhani kamene Richard Matheson analemba mu 1970. Tinali kuganiza kuti anthu adzaseka, akane, ise tiike nyimbo. Foni sinapume mpaka nthawi inatha, ndipo ambili amene anatuma anati angadinike.

Sanali anthu oipa mtima. Wina anakamba za amai ake odwala impso, amene afunika makina otsuka magazi sabata iliyonse. Wina ali na digili imene yagona mu sutukesi zaka zinai, uku landilodi am'gogodela m'mawa ulionse. Mfundo imene inabwela mobwelezabweleza ni yakuti anthu amafa miniti iliyonse, nanga mmodzi woonjezela asintha ciani? Mwina ni nkhalamba imene inali kale pafupi. Mwina ni kawalala.

Ka "mwina" kameneko ndiye katisowetsa tulo. Palibe olo mmodzi amene anati mwina ni mwana wa giledi 3 wa ku Chawama amene ali panjila kucoka kusukulu. Tikaifuna ndalama, timayamba tam'cepetsa munthu wosadziwikayo. Tim'kalambitsa, tim'patsa milandu, kuti imfa yake ichipe. Koma kusam'dziwa kwathu sikucotsako kanthu pa malilo ake. Tenti idzaimikidwa pakhomo, azimai adzagona pansi m'nyumba, azibambo adzacezela panja pa moto, ndipo bokosi lidzapita ku Chingwere monga mwa masiku onse. Cosowapo ni cimodzi: ise sitidzakumva kulilako.

N'zoona kuti anthu amafa tsiku lililonse. Koma wakufa na BP na wakufa cifukwa cala cathu cadinika si nkhani imodzi. Zikanakhala cimodzimodzi, sembe sitifuna lonjezo lija lakuti palibe amene adzadziwa.

Ise a mu Lusaka sitifunika kuseka na funso ili, cifukwa tinaliona lili na magazi. Mu March na April 2016, m'makomboni monga George na Zingalume munali kupezeka mitembo ya anthu yocotsedwa makutu, mtima na ziwalo zobisika. Kumeneko kunalibe batani, kunali mpeni, koma malonda ni amodzimodzi: moyo wa munthu wongodzipitila usiku kusinthanitsa na cuma. Ndipo cikhulupililo cakuti cuma cimabwela na magazi sicinathele pa mitembo ija. Mphekesela inafala yakuti ni anthu a ku Rwanda amene acita zimenezi kuti mashopu ao ayende bwino. Mashopu oposa 60 anaphwanyidwa na kubedwa, mabanja anathawila ku chalichi ca St Ignatius, ndipo ku Kanyama anthu awili anatenthedwa amoyo. Awiliwo anali a Zambia anzathu. Amene apolisi anagwila mu May pa milandu ya kupha ija sanali a ku Rwanda: anali asilikali awili, wanchito wamba wa ku Air Force na ng'anga. Koma shuga na mafuta ophikila a m'mashopu aja tinali titadya kale.

Tonse tinanyansidwa na opha anthu aja, ndipo tinacita bwino kunyansidwa. Cimene citivuta kuvomela n'cakuti batani lomwelo lili paliponse m'tauni muno, ndipo silifuna madola 1 miliyoni. Dalaiva wa minibasi adziwa kuti mabuleki anatha kale. Pa lodibuloko apeleka nchekeleko, basi ipitilila, ndipo ise amene tili mkati timakondwela kuti sitinacedwe. Wogulitsa mankhwala otha nthawi pa kantemba sadzakumana naye mwana amene malungo ake sanamve mankhwalawo. Pa kolela imene inayamba mu October 2023, imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala ndi kupha anthu oposa 700, analipo amene anapitiliza kugulitsa madzi a pa citsime cosazama cokumbidwa pafupi na cimbudzi. Tujilijili tunaletsedwa mu 2012, koma mpaka lelo pali ogulitsa mowa woopsa kwa anyamata amene sanamele na ndevu zomwe. Onsewa akamba cimodzimodzi na amene anatuma foni: nikapanda ine, wina adzacita, ndipo ana anga afunika kudya.

Njala ni yeniyeni, sitikana. Amene agulitsa madzi oipa kuti apeze pamela sitingamuike pa sikelo imodzi na amene ali na nyumba zitatu koma akali kusaina mapepala a katundu woola. Wacibwana ni amene aweluza osauka ali wokhuta. Koma njala imafotokoza cabe cifukwa cake tinadinika, siukitsa amene wafa. Ndipo kambili wakufayo ni wosauka mnzathu, wokwela minibasi imodzimodziyo, wakumwa madzi amodzimodziwo. Mu filimu ija, mkazi atadinika, mwini bokosi analitenga n'kuuza banjalo kuti manje alipeleka kwa munthu wina amene iwo sam'dziwa. Banjalo linamvetsa nthawi yomweyo tanthauzo lake.

Tisanamalize kuloza ena zala, bokosi lina lili pa tebulo pathu kuno ku wailesi. Kunabwela munthu wina wofuna kulengeza mankhwala ake a zitsamba amene akuti acilitsa shuga, BP na HIV, ndipo uthenga wake umveka monga ulimbikitsa anthu kuleka ma ARV. Ndalama imene afuna kulipila ingagule mafuta a jeneleta kwa miyezi ingapo, ndipo aliyense amene anagwilapo nchito pa wailesi yaing'ono nthawi ya lodishedingi adziwa kuti zimenezo si zamasewela. Anzathu ena akuti ise ndise cabe colankhulila, womvela ali na mutu wake. Koma tidziwa kuti kwinakwake kuli mai amene watopa na mzele wa ku kiliniki, amene amakhulupilila ciliconse cocoka pa wailesi yake. Akaleka mankhwala, sadzafa mawa. Adzafa pang'onopang'ono, ndipo cilengezo ca malilo ake mwina tidzawelenga ndise, titalandilanso ndalama ya cilengezoco, osadziwa kuti ni uja.

Komiti ikumana pa Cinai. Ise odzipeleka tagwilizana kuti tikakana, ndipo amene afuna kuti cilengezoco cipite akaciwelenge yekha na mau ake. Mukapeza wailesi yathu ili zii madzulo ena malaiti atapita, mudziwe kuti mafuta a jeneleta anatha.