Liwu lakuti "outrageously" likusukuluka

Liwu la Chingerezi lakuti "outrageously" limanena za kunyanya kochititsa manyazi, monga kwa wamalonda wokweza mtengo wa chimanga katatu pa nthawi ya njala. Ambiri amayesa kuti linachokera ku "rage", mkwiyo. Ayi ndithu. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti "ultra", kutanthauza kupyola malire, ndipo linafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa.

Lero achinyamata akungoliwaza paliponse: nthabwala ikawaseketsa, nsapato ikawakomera, basi "outrageously". Kumeneku n'kuwononga chilankhulo. Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa. Liwu lodzudzulira likasanduka loyamikirira, adzukulu adzasowa chonena tsiku limene wina adzabe mankhwala a m'chipatala odwala akubuula.