Garu Akaluma, Tisabise Mlandu

Abale anga a kunyanja, ndiri ndi mlandu ndi inu, ndipo ndiunena poyera. Pa magombe athu, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, agaru acuruka, pakuti pamene pali thandala la usipa garu sasowapo. Garu ali ndi mwini wace usiku, pofunika mlonda wa pakhomo. Koma tsiku limene aluma mwana asanduka wamasiye. Ndipo ngakhale mwini adziwika, akuru a pabanja ati, "Tisadane ndi anansi cifukwa ca garu." Ameta ubweya wa garuyo, nauocha, napaka phulusa lace pabala, namangapo kansanza, nkhani nkutha. Mtendere wotere ndiukana ine, cifukwa woulipira ndiye mwana, amene sanafunsidwe kanthu.

Tiyambe ndi bala. Ambiri akamva za garu aganiza za ciwewe cokha, naiwala kafumbata. Mbeu za kafumbata zikhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo zipirira zaka zambiri osafa. Dzino la garu liboola bala laling'ono pamwamba koma lakuya, kumene mpweya sufika. M'malo otere ndimo tizirombo tace tiswana, nititulutsa ululu wogwira mitsempha. Tsono iye wothira dothi, phulusa kapena masamba otafuna pabala lotere alikubzala nthenda ndi dzanja lace. Pakapita masiku 3 kufikira 21 nsagwada ziuma, munthu alephera kutsegula pakamwa, msana ukungika ngati uta. Ndipo pamenepo tiyamba kufunafuna mfiti.

Wina adzati, "Tinalandira katemera tiri makanda." Inde, makanda abayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi amai apakati abayidwa ku sikelo, mwa ici m'caka ca 2002 Malawi anawerengedwa pamodzi ndi maiko ogonjetsa kafumbata wa amai ndi makanda. Koma mphamvu ya katemera wa ukhanda icepa pakupita zaka. Nanga mnyamata wokoka khoka, nanga bambo wopalasa bwato, anabayidwanso liti? Amuna sapita ku sikelo.

Ciwewe ndico coopsa koposa, pakuti zizindikiro zace zikaoneka munthu sacira. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse liwerenga kuti anthu ngati 59,000 afa naco caka ndi caka, ndipo mwa khumi ali onse anai ndi ana osafika zaka 15. Koma njira yopulumukira inapezeka kale, m'caka ca 1885, pamene Louis Pasteur anabaya kamnyamata ka zaka 9, Joseph Meister, kolumidwa ndi garu waciwewe, nikakhala ndi moyo. Cotero tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimupite ku cipatala tsiku lomwelo. Funsani za katemera wa nthenda zonse ziwiri, ndipo majekeseni amene akuuzani muwatsirize onse. Garuyo, ngati agwirika popanda ngozi, musafulumire kumupha. Amangidwe masiku 10, ndipo alangizi a ziweto auzidwe, pakuti garu waciwewe sakhalitsa osadwala. Komatu wolumidwa asadikire masikuwo kunyumba.

Tsopano za mlandu. Kuweta garu ndiko kusenza zocita zace. Cilamulo ca Mose, pa Eksodo 21, cinaika mlandu pa mwini ng'ombe yodziwika kuti igunda anthu, ngati anacenjezedwa koma osaitsekera. Malamulo a dziko lathu satalikira pamenepo: munthu wosasamala ciweto cace kufikira ciika moyo wa anzace pangozi angathe kuimbidwa mlandu, ndipo wopwetekedwa ali ndi ufulu wa kufuna cipepeso. M'zipatala za Boma salipiritsa, nzoona. Koma ndalama za kabaza ndi galimoto, pa ulendo uliwonse wa jekeseni, acotsa ndani? Masiku amene mai wasiya geni yace ya nsomba, abwezera ndani? Mkazi wamasiye agulitsa nkhuku zace, mwini garu ali phee pakhonde. Kaweruzeni nokha ngati ici ndi cibale.

Wolumidwa asunge buku lace la kucipatala mmene adotolo analemba za balalo, akumbukire mboni zimene zinaona, nakayambe kwa anyakwawa. Mlandu ukakanika kumeneko, polisi ilipo, ndi bwalo la majisitireti liripo pa boma pa Salima. Ndidziwa cimene ciopsa ambiri: garu wa mfumu ndi mfumu ya agaru, ndipo wosauka aopa kuchula dzina la mwini sitolo kapena mwini mabwato amene amlemba nchito. Apa ndipo akuru a mpingo ayenera kuima naye, m'malo mwa kumuuza kuti apirire.

Ena anditsutsa, nati sikuyenera abale a mpingo umodzi kukokerana ku bwalo. Ndibvomera, ndipo ndikadakonda kuti kusafike kumeneko. Koma mau awa muwanenera wolumidwa yekha bwanji? Anenereni mwini garu, kuti ayambe ndiye kufika pakhomo la mnzace, naulule ngati garuyo anabayidwa kapena iai, naperekeze wodwala ku cipatala ndi ndalama zace. Akatero, bwalo lidzasowa nchito.

Ku Blantyre, kuyambira 2015, a Mission Rabies akhala akubaya agaru zikwi zambiri caka ndi caka, pakuti akabayidwa agaru 7 mwa 10 ali onse, ciwewe cisowa poyenda. Nafenso alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, tengani garu wanu pacingwe, nimusunge cikalata cimene akupatsani. Ndipo inu anyakwawa, mlandu wa garu ukafika pabwalo panu, yambani mwafunsa ngati mwanayo wapita ku cipatala. Mukatero itanitsani cikalata cija.