Nkhuku za Pulcher musazinamizire

Anthu okonda mbiri ya Aroma amaikonda nkhani ya nkhuku. M'chaka cha 249 Yesu asanabadwe, mkulu wa zombo za Aroma, Publius Claudius Pulcher, akukonzekera kukathira nkhondo doko la Drepana ku Sicily, nkhuku zoombezera zinakana kudya. Akuti mkuluyu anapsa mtima n'kuziponya m'nyanja kuti zikamwe madzi poti chakudya zachikana. Tsiku lomwelo Adherbal wa ku Carthage analanda zombo 93 za Aroma.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma ine ndimakana zoti Aroma anagwa chifukwa cha mwano wa munthu mmodzi. Zinthu zinali zitapotoka kale mu 250 pa Lilybaeum, mzinda umene lero ndi Marsala.

Kumtunda Aroma anagwira ntchito yooneka: anazinga mzindawo, nagumula nsanja zingapo za linga. Koma kunyanja khomo linali pululu. Kunali ngati kumanga khola la mbuzi mbali zitatu n'kumadabwa kuti fisi akulowera kuti. Zombo 50 za Carthage zonyamula asilikali pafupifupi 10,000 zinalowa padoko dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuzikankha, Aroma ali maso tong'o, kuopa kuti mphepoyo ingawalowetse limodzi ndi adani. Ndiye panali mkulu wina wa mbali ya Carthage, Hannibal, amene ankamutcha wa ku Rhodes. Ameneyu ankadziwa paliponse pamene pali mchenga pansi pa madzi, moti ankalowa ndi kutuluka mmene wafunira. Wolemba mbiri Polybius akuti tsiku lina atawapitirira Aroma anaimitsa chombo dala, kuwaputa kuti amutsatire, koma palibe anayerekeza. Aroma anayesa kukwirira khomo la doko, mafunde n'kumakokolola zimene athira. Kenako tsiku la chimphepo, asilikali a Himilco, mkulu woteteza mzindawo, anatuluka n'kutentha zida zonse zogumulira linga.

Amene amatama khama la Aroma amati anapirira zaka 9 pamenepo. Kupirira kwake kuti? Linga silinagwe. Mzindawo unaperekedwa pa mgwirizano wa mtendere mu 241, mkulu wa zombo za Aroma, Gaius Lutatius Catulus, atagonjetsa zombo za Carthage pa zilumba za Aegates. Zombo zake 200 anazikhoma potengera chombo cha Hannibal uja, chimene Aroma anali atachigwira pamapeto pake, ndipo ndalama zake boma linachita kukongola kwa anthu olemera chifukwa mosungira chuma munali mutauma.