Kodi Tikudya Ndi Yani?



Sabata ino tiyeni tilingalire za chakudya. Ena adabwa kuti nkhani ya m'khitchini ikulowa bwanji m'zachikhulupiriro, komatu Akhristu oyamba ankadziwika ndi anthu amene ankadya nawo. Nthawi imeneyo mkate unali chakudya cha tsiku ndi tsiku monga nsima kwathu kuno, ndipo munthu sankadya ndi wina aliyense. Mfulu sinkayembekezeka kudya ndi kapolo, ndipo Myuda wosunga Malamulo ankapewa kudya ndi anthu a mitundu ina. Tsono pamene okhulupirira adayamba kusonkhana m'nyumba ndi kunyema mkate pamodzi, monga buku la Ntchito za Atumwi likutiuzira, ankaonetsa poyera kuti tsopano ndi banja limodzi.

Tisaganize kuti zinali zophweka. Ku Yerusalemu amayi amasiye olankhula Chigriki ankaiwalidwa pogawa chakudya, mpaka Atumwi adauza okhulupirira kuti asankhe anthu asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo Stefano, kuti aziyang'anira ntchitoyo. Ku Antiokeya Petro Woyera adaleka kudya ndi Akhristu osakhala Ayuda atafika anthu ochokera kwa Yakobo, ndipo Paulo Woyera adamudzudzula pamaso pa onse. Ku Korinto, cha m'ma 54, opeza bwino ankadya nakhuta mpaka kuledzera pamene osauka ankatsala ndi njala. Paulo adawalembera mosabisa mawu kuti chimene akudyacho si Mgonero wa Ambuye. Taonani: sadawadzudzule chifukwa cholakwitsa mapemphero, koma chifukwa chochititsa manyazi amphawi.

Kabuku kakale kotchedwa Didache kali ndi pemphero loyerekeza Mpingo ndi tirigu amene adali womwazika m'mapiri koma wasonkhanitsidwa kukhala mkate umodzi. Yustino Woyera, polemba ku Roma cha m'ma 155, adafotokoza kuti Lamulungu Akhristu akalandira Ukaristiya, madikoni ankatengera amene sadabwere, ndipo zopereka zinkathandiza ana ndi amayi amasiye, odwala, akaidi ndi alendo. Ngakhale Pliny, bwanamkubwa wachikunja wa ku Bithynia, polembera mfumu Trajan cha m'ma 112, adatchula kuti Akhristu ankasonkhananso kuti adye chakudya wamba.

Wina anganene kuti, "Koma aphunzitsi, Ukaristiya ndi Thupi ndi Magazi a Khristu, si phwando." Nzoonadi, ndipo patapita nthawi Mpingo udalekanitsa Misa ndi chakudya chachikondi chija. Koma kulekanitsako sikudafafanize chiweruzo cha Paulo. Popeza amene tamulandira ndi Khristu weniweni, udindo wathu wakula, sudachepe. Sitingalandire Thupi lake pa guwa, kenaka nkumanyoza ziwalo za Thupi lomwelo panja pa tchalitchi.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Pa Misa timaima pamzere umodzi, wolemera ndi wosauka, ndipo aliyense amalandira chimodzimodzi. Nanga Misa ikatha pa tsiku la chikondwerero cha parishi? Alendo olemekezeka amalowa m'chipinda chawo, kumene kuli mpunga ndi nkhuku. Amayi amene aphika kuyambira m'bandakucha amadya pomaliza ataimirira, ndipo ana amadikira makombo. Kulemekeza alendo nkwabwino, ndipo ndi mwambo wathu. Koma ndikukhulupirira kuti Paulo akadafika pa chikondwerero chotere akadatifunsa funso lomwe lija adafunsa Akorinto.

Nafenso achinyamata tisadziyese osalakwa. Tikapita ku msonkhano kapena ku ulendo wa kwaya, odziwana amakhala paokha ndi zakumwa zawo, pamene mnzathu amene adalephera kusonkha ndalama amanamizira kuti wakhuta kale. Tonse timamuona, koma timayang'ana kumbali.

Pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lathu, chakudya chonse chiikidwe pamodzi, wosonkha ndi wosasonkha adye mbale imodzi. M'mphakati mwanu funsani kuti ndani wodwala kapena wokalamba amene sadafike ku Misa, ndipo mukapita kukamuona musapite chimanjamanja. Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Akhristu a ku Roma ankachita zimenezi pamene chipembedzo chawo chinali choletsedwa. Ife amene tikupemphera mwaufulu tilibe chowiringula.

Ambuye akudalitseni nonse.